Ulendo wa ku Blantyre kotsatira Dynamos: tingaone chiyani mpira usanayambe?

Wa ku Linthipe:
Abale, moni nonse. Loweruka likubwerali tikuperekeza Dedza Dynamos ku Kamuzu Stadium kukakumana ndi Maule (Big Bullets). Ine Blantyre ndimangoimva pa wailesi, kummwera konse ndimathera pa Balaka. Tabwereka minibasi pamodzi ndi anyamata a pa boma, tinyamuka tambala asanalire, ndiye tikafika kukadali mmawa. Anzangawo akuti akafikira kumowa ku Ndirande. Ine sindimwa, komanso ndatenga mwana wa mlongo wanga wa Fomu 2 amene wandivutitsa kuti akufuna kukaona zimene amaphunzira mu History. Mpira ndi wa 2:30 masana. Nthawi yotsalayo tingakafike kuti osachedwa pa geti?

Mphunzitsi wopuma, Ntcheu:
Achimwene, mwachita bwino kumutenga mwanayo. Mukadutsa Chingeni, Zalewa ndi Lunzu, muuze dalaivala akutsitseni pa Wenela, anzanuwo azipita. Kuchoka apo ndi wapansi chabe kufika pa tchalitchi cha St Michael and All Angels cha CCAP, pafupi ndi sukulu ya HHI. Anachimanga kuyambira 1888 mpaka 1891, motsogozedwa ndi m'busa David Clement Scott, munthu amene sanaphunzirepo zomangamanga. Njerwa anaumba ndi kuwotcha anthu akomweko. Musathamangire kulowa mkati, yambani mwachizungulira kunja. Mwanayo aone nsanja ziwiri zakumaso, sizofanana ayi, ndipo njerwa zake ndi zamitundumitundu, zina zokhota, zina zosongoka. Pamalo amenewo ndi pamene mzindawu unayambira mu 1876, amishoni a ku Scotland atautcha dzina la kwawo kwa David Livingstone.

Mukatero tsetserekani m'tauni mufunse njira ya ku Mandala House. Ndi nyumba ya 1882 ya kampani ya African Lakes, imene ankaiyendetsa anthu awiri apachibale, John ndi Fred Moir. Ili ndi khonde lozungulira, ndipo pamwamba pali laibulale ya Society of Malawi. Kwa ine tchalitchi chija n'chokwanira, Mandala mupiteko nthawi ikalola.

Noma weniweni (wotsatira Wanderers):
Aphunzitsi anena zoona koma aiwala kuti ili ndi tsiku la mpira. Maule akamasewera, msewu wa Chipembere umadzaza msanga kuyambira pa Ginnery Corner. Ikamakwana 12 koloko mukhale mutakwera kale minibasi ya ku Limbe, mutsike pa Chichiri. Museum ili pomwepo moyandikana ndi bwalo. Panja pali mutu wa sitima yakale yoyendera nthunzi, mwanayo akajambulitse. Tikiti mugule kwa ogulitsa ovomerezeka, osati kwa anyamata okuitanirani pakona. Foni m'thumba lakutsogolo. Jezi valani ndithu, palibe akumenyeni, koma mukhale mbali imene kwakhala anzanu. Ndipo mukatithandize kuwathyola mwendo anebawa, ife Manoma tidzakugulirani fanta.

Mayi wa pa Lizulu:
Inu a ku Linthipe, mwanayo munamutengerako ku Chongoni? Zojambula za pamiyala zija zili pakhomo panu pomwe, a UNESCO anazilemba m'kaundula wawo mu 2006, azungu amachita kulipira ndege kudzaziona. Koma pitani bwino. Majuzi mukawavule pa Zalewa, kutentha kwa kumeneko si kwa kwathu kuno. Pobwerera mudzaime pano mugule kachewere, ngakhale mutagonja.

Wa ku Linthipe:
Zikomo nonse. Ndiye tiyamba tchalitchi, kenako museum, Mandala tidzaona ulendo wina. Amayi a pa Lizulu mwandigwira pakamwa, ku Chongoni tipita tchuthi chikubwerachi. Funso lina kwa a Noma: kuchoka pa HHI, minibasi ya ku Limbe tikakwerere pa Wenela pomwepo kapena tilowe kaye m'tauni?