Kodi sewero la Generations linasokonekera pati?

Nambewe wa ku Area 25:

Ndikupempha maganizo a inu amene mwatsatira sewero la Generations kuyambira kale. Pamene Mfundi Vundla ankaliyambitsa pa SABC, kanema wa boma wa dziko la South Africa, ulamuliro wa tsankho unali ukutha kumene ku South Africa, ndipo chinali chachilendo kuona banja la anthu akuda, a Moroka, likuyendetsa kampani yotsatsa malonda ya New Horizons, likukanganirana maudindo ndi chuma mmalo motumikira m'nyumba za azungu. Masiku ano ndikatsegula kanema nthawi ya 8 koloko madzulo ndimangopeza mfuti, kubedwa kwa anthu ndi ziwembu zosatha. Kodi sewero limeneli latsikadi, kapena ndi ine amene ndakula?

Bambo a Chikondi, Randburg:

Mayi Nambewe, simukulakwitsa, ndipo tsiku limene zinthu zinasokonekera likudziwika bwino. Mu Ogasiti 2014 ochita sewero okwana 16 anachotsedwa ntchito atanyanyala pofuna malipiro abwino, makontrakiti a zaka zitatu, komanso gawo la ndalama zimene zimabwera sewero likamaonetsedwa mobwereza kapena likagulitsidwa kunja. Pagulupo panali Menzi Ngubane amene anali Sibusiso Dlomo, Sophie Ndaba amene anali Queen Moroka, Seputla Sebogodi amene anali Kenneth Mashaba, ndiponso Katlego Danke amene anali Dineo. Sewero linaima kwa miyezi iwiri, kenaka linabwerera pa 1 Disembala 2014 ndi dzina lakuti Generations: The Legacy, nkhani yake itadumpha zaka 20.

Kudumphako ndi kumene kunawononga. Sewero la mtundu uwu mphamvu yake ili pa zimene oonera akukumbukira. Sibusiso akangokweza nsidze ndi kuyamba kulankhula Chizulu pang'onopang'ono, tonse tinkadziwa kuti wina aona zakuda, chifukwa tinali titamuona kwa zaka zambiri akuchitira nkhanza a m'banja mwake momwe. Munthu watsopano sangakhale ndi mbiri yotereyo m'mitima mwa oonera, choncho olemba anayamba kufunafuna zododometsa kuti anthu asasinthe tchanelo. Anabweza Connie Ferguson ndi Rapulana Seiphemo kuti Karabo Moroka ndi mwamuna wake Tau, amene iwo ankasewera kale, akhale mlatho pakati pa zakale ndi zatsopano, koma posakhalitsa Karabo anapatsidwa nkhani yofuna kukwatiwa ndi mwamuna wachiwiri Tau ali pomwepo. Anthu anakambirana nkhaniyo kwambiri, zoona, koma si Karabo amene tinkamudziwa.

Mphunzitsi Wopuma, Zomba:

Ine ndikusiyana nanu pang'ono, bambo a Chikondi. Kutsika kunayamba chaka cha 2014 chisanafike, ndipo zachiwembu sizinayambe ndi olemba atsopano, pakuti Jack Mabaso wa Vusi Kunene ndi Ntsiki Lukhele wa Pamela Nomvete anali anthu oopsa kalekale. Kusiyana kwake n'kwakuti kale woipayo ankalimbirana kampani, ndipo kuipa kwake kunali ndi chifukwa chomveka, pamene pambuyo pake kampaniyo inangosanduka chipinda chokumaniramo anthu okonza chiwembu. Tisaiwalenso kuti loto limene sewero linkagulitsa linakwaniritsidwa kwa ena, moti munthu wakuda wovala suti mu ofesi ya ku Johannesburg sadabwitsanso aliyense. Pamene Uzalo, sewero lina la pa SABC1, inayamba mu 2015, ndi nkhani za ku KwaMashu za tchalitchi ndi akuba magalimoto, inadzalanda malo oyamba pa chiwerengero cha oonera, ndipo m'malingaliro mwanga Generations inayamba kuthamangira zimene mnzakeyo ankachita bwino kuposa iyo.

Nambewe wa ku Area 25:

Aphunzitsi, mfundo yanu yokhudza kampani yandigwira mtima, chifukwa ndikayesa kukumbukira nthawi yomaliza imene ndinaona anthu a m'seweroli akugwiradi ntchito yotsatsa malonda, sindikuipeza. Komabe ndikudabwa kuti mwa masewero ena a pa SABC, Isidingo inatha mu 2020, 7de Laan inatha mu 2023, koma ili lakhalitsa kuposa onsewo.

Bambo a Chikondi, Randburg:

Lakhalitsa chifukwa cha malo amene linapatsidwa, mayi. SABC1 imafika m'nyumba zimene sizilipira DStv, ndipo 8 koloko ndi nthawi imene banja lakhala pansi kudya, choncho otsatsa malonda amalipirabe ngakhale nkhani itafooka. Kuno ndimaona anthu ambiri akungolisiya likulankhula pamene maso awo ali pa foni, ndipo kwa owerengera oonera munthu woteroyo amawerengedwa mofanana ndi amene kale ankatontholetsa ana kuti amve zimene Sibusiso akunena.