Sukulu ya boma ku Texas ili ndi C, ndimusiye mwana pomwepo?

Moni abale nonse, makamaka amene muli ku Texas.

Mwana wanga akuyamba giredi 9 mu Ogasiti pa sukulu ya boma ya m'dera lathu kuno ku Dallas. Vuto ndi loti Texas Education Agency, bungwe la boma loyang'anira maphunziro kuno, inaipatsa sukuluyi C pa mlingo wa A mpaka F, komatu ili ndi makalasi a AP ndi dual credit (maphunziro a mlingo wa koleji omwe mwana amaphunzira akadali ku sekondale), omwe mwanayu akuwafunitsitsa poti masamu ndiye kwawo.

Ndayang'ana pa webusaiti ya TXschools.gov, manambala a mayeso a boma otchedwa STAAR angondizunguza mutu. Nditaimbira kusukuluko anangonditumizira mndandanda wa maphunziro. Mnansi wanga akuti ndisamuke, ngati lendi ndi yotchipa!

Kodi C ameneyu angamulepheretse mwana kulowa koleji? Nanga amene munasamutsirapo mwana ku sukulu ina ya boma osasamuka nyumba, munayambira pati? Chonde ndithandizeni.