Kukuta chivundikiro cha bwato ndi fiberglass ndi epoxy

Kalipentala wa ku Kawale: Akuluakulu, ndakhoma chivundikiro cha matabwa a mlombwa cha bwato limene likupita ku Senga Bay, ndipo mwini wake akufuna kuti ndichikute ndi nsalu ya fiberglass (yolukidwa ndi ulusi wa galasi) ndi epoxy (guluu wamadzimadzi amene amauma n'kulimba) kuti madzi asalowe. Nditayesera pa kathabwa kotsala, pamwamba panadzaza tithovu ndipo nsalu inatukuka m'mphepete. Kodi ndinalakwitsa pati?

Mmisiri wa ku Area 25: Bambo, nsalu imeneyi siigwira pa ngodya yakuthwa, choncho yambani mwakwecha m'mphepete monse ndi sandipepa wa nambala 80 mpaka mutakhala mobulungira. Tithovuto ndi mpweya wochokera m'thabwa lomwelo, umene umatuluka thabwa likamatenthedwa ndi dzuwa. Ine ndimapaka chakumadzulo kukayamba kuzizira, makamaka m'mwezi wa Okutobala uno, ndipo ndimayamba ndi epoxy wochepa kuti thabwa limwe, kenaka ndimayala nsalu ndi kuisalaza ndi kapulasitiki mpaka kuyera kwake kutazimirira ndipo mizere ya mlombwa ikuoneka.

Wokonza mabwato: Ndikuvomereza zimene achimwene anenazi. Muyeze epoxy ndi hardener (mankhwala oumitsa epoxy) molingana ndi zolembedwa pa chitini, chifukwa mukasintha muyezo sauma bwino. Musakanize pang'onopang'ono mutavala magolovesi, ndipo akauma mupake penti kapena vanishi, pakuti dzuwa la kunyanja limawononga epoxy wosaphimbidwa.

Kalipentala wa ku Kawale: Zikomo kwambiri. Ndinapakadi masana dzuwa lili paliwombo. Mawa ndiyesanso chakumadzulo.