Wina akuti ndilipire kaye za CoS, ndichite bwanji?

Thokozani: Madzulo abwino akuluakulu. Ndakhoza mayeso a khonsolo ya anamwino chaka chino, layisensi yatuluka. Pali munthu wina pa Facebook akuti andipezera ntchito ku England, bola ndiyambe ndamupatsa ndalama za CoS, chikalata chofunika popeza viza ya ntchito ku UK. Akutinso IELTS, mayeso a Chingerezi aja, siyofunika poti kusukulu tinkaphunzira m'Chingerezi. Bambo anga akufuna kugulitsa ng'ombe ziwiri Loweruka. Ndilipire?

Sisita Nachisale: Ng'ombezo zisatuluke m'khola, mwana wanga. Koma ndiyambe ndakufunsa, uli pa kaundula uti? Unachita digiri kapena dipuloma ya NMT (nurse midwife technician)?

Thokozani: NMT, aSisita. Ku koleji ya CHAM.

Sisita Nachisale: Ndiye nkhani ili pamenepo. NMC, khonsolo ya anamwino ya kuno ku UK, imafuna munthu amene kwawo analembetsedwa ngati registered nurse. Amafunsa ku khonsolo yathu ku Lilongwe, ndipo khonsolo imayankha zimene zili m'buku, simasinjirira. Zimenezi dobadoba sangazisinthe ngakhale umupatse khola lonse. Njira yako ndi kugwira ntchito kaye, ukakweze maphunziro, ulembenso mayeso a khonsolo a registered, kenako tiyambe kukamba za London.

Yamikani: Ndiwonjezerepo za CoS. Imeneyi imaperekedwa ndi olemba ntchito ukakhoza intavyu, ndipo amalipira ndi iwowo, osati iwe. Komanso Malawi ili pa mndandanda wa WHO wa 2023, wa maiko 55 osowa ogwira ntchito zaumoyo. Zambia ndi Zimbabwe zili momwemo. Ku UK amati red list. Maajenti saloledwa kudzasaka anamwino ku Malawi. Chololedwa ndi chakuti iweyo wekha uone ntchito pa NHS Jobs, webusaiti ya ntchito za m'zipatala za boma ku UK, ufunsire mwachindunji ku chipatalacho. Ndiye munthu amene akukusaka pa Facebook waphwanya kale lamulo asanakupatse n'komwe moni.

Chifundo: Koma anzathu ena a NMT anapita ndithu, akutumiza zithunzi ali mu chipale.

Yamikani: Ambiri a iwo analowa ngati osamalira okalamba, osati ngati anesi, achimwene. Khomo limenelo analitseka pa 22 July 2025 kwa ofunsira ali kunja. Ndipo kuyambira March 2024 olowera njira imeneyo sankaloledwanso kutenga banja.

Madalitso: Mundilole ndikwere nawo basi yomweyi. Ine ndili ndi digiri ya ku KUHeS, ndamaliza chaka chatha. Zoti IELTS siyofunika zija n'zoona? Nanga ndiyambe chiti, Chingerezi kapena CBT, mayeso a NMC a pa kompyuta aja?

Sisita Nachisale: Si zoona. Malawi palibe pa mndandanda wawo wa maiko olankhula Chingerezi. Pa IELTS Academic akufuna 7 pa kumva, kuwerenga ndi kuyankhula, 6.5 pa kulemba. Pa OET, mayeso a Chingerezi a ogwira ntchito zaumoyo, ndi B zitatu, kulemba C+. Yamba Chingerezi. CBT sivuta kwa munthu amene wangochoka m'kalasi: masamu a mankhwala mafunso 15, kenako mafunso 100 a ntchito. Chimagwetsa anthu ndi kulemba. Ukathamangira CBT, nthawi imayamba kuwerengedwa, chifukwa OSCE, mayeso oonetsa ntchito ndi manja, uyenera kuikhoza pasanathe zaka ziwiri, iwe ukadali kulimbana ndi 6 ya IELTS.

Esnart: Apo ndikusiyana nanu pang'ono aSisita. Zotsatira za Chingerezi nazonso zimatha pa zaka ziwiri. Madalitso akalemba lero alibe ngakhale chaka chimodzi pa wodi, zikhoza kumuthera m'manja akusakabe ntchito. NMC inachotsa lamulo la miyezi 12 ya ntchito mu 2018, inde, koma pa intavyu amafunsa zimene unachitadi. Wodwala wayamba kupuma mothamanga usiku, BP ikutsika, dokotala sakuyankha foni, unatani? Yankho la m'buku amalizindikira msanga.

Sisita Nachisale: Wanena zoona Esnart. Ndiye agwire kaye ntchito, ngakhale ya locum, uku akuphunzira kulemba. Ine ndimakonda OET kwa anesi chifukwa umalemba kalata yotumiza wodwala, chinthu chimene umachita kale tsiku lililonse, kungoti ndi yodula kuposa IELTS.

Madalitso: Nanga OSCE ingalembedwe kuno?

Yamikani: Ayi, ndi ku UK kokha, malo ngati Northampton, Oxford Brookes, Ulster ndi Leeds. Masiteshoni 10, mtengo pafupifupi mapaundi 800, ndipo zipatala zambiri za NHS zimakulipirira. Uwerenge bwino kontirakiti, chifukwa ukachoka msanga ena amafuna ubweze. Ndipo wina akadzati akulembera CBT, thawa. Mu 2023 zinaululika pamalo ena olembera ku Ibadan, ku Nigeria, NMC inafafaniza zotsatira za pamalopo, osalakwa omwe analembanso.

Thokozani: Ndamva akuluakulu. Munthu uja wangotumiza uthenga kuti malo atsala awiri, ndifulumire.

Esnart: Mufunse dzina la chipatala ndi nambala ya ntchitoyo pa NHS Jobs. Zimene ayankhe uziponye muno.

Thokozani: Ndamufunsa. Wawerenga koma sakuyankha. Ndikuimbira bambo kaye asanapangane ndi wogula.

Sisita Nachisale: Ukatha undiimbire pa WhatsApp, ndatuluka pa wodi. Tione makoleji amene akulandira a NMT okweza maphunziro, ndiponso nkhani ya bondi ngati angakulipirire ndi boma.