Mapepala akale a agogo: ndingadziwe bwanji zaka zake?

Mdzukulu wa kwa Tengani:
Akuluakulu, agogo anga aamuna atamwalira tinapeza m'bokosi lawo lachitsulo mapepala atatu amene akundisowetsa tulo. Pali envulopu yokhala ndi sitampa ya Nyasaland, yomwe ili ndi nkhope ya mfumu yopanda ndevu komanso nyalugwe ataima pathanthwe, ndipo chidindo chake chikuwerengeka kuti Port Herald koma chaka chinafufutika. Palinso lisiti la thonje lolembedwa m'masheleni ndi makobiri, ndi tikiti ya sitima yopita ku Limbe. Ndingadziwe bwanji zaka za mapepalawa? Mnzanga wina akuti ndikawamatitse pulasitiki pamakina kuti asang'ambike.

Mphunzitsi wopuma, Bangula:
Mwanawe, yambani ndi sitampayo. Mfumu George V inali ndi ndevu, choncho yopanda ndevuyo ndi George VI, amene analamulira kuchokera mu 1936 mpaka 1952, ndipo masitampa ake okhala ndi nyalugwe anayamba kugulitsidwa mu 1938. Kalatayo sinatumizidwe chisanafike chaka chimenecho. Komabe musafulumire kunena kuti ndi ya 1938 yeniyeniyo, chifukwa sitampa imangokuuzani poyambira, ndipo munthu ankatha kuisunga zaka asanaimate. Dzina la Port Herald silikuthandizani kwenikweni, popeza boma la Nsanje linkatchedwa choncho mpaka 1964.

Tikitiyo muiyang'anitsitse pamwamba. Njanji yochokera ku Port Herald inafika ku Blantyre mu 1908 pansi pa kampani ya Shire Highlands Railway, pamene dzina loti Nyasaland Railways linabwera m'ma 1930, ndipo loti Malawi Railways ndi la pambuyo pa ufulu. Lisitilo ndi lakale kuposa 1971, chaka chimene kwacha ndi tambala zinalowa m'malo mwa mapaundi ndi masheleni, ngakhale kuti agogo athu ena anapitiriza kunena kuti sheleni akutanthauza 10 tambala.

Mayi wa ku Nchalo:
Achimwene, za pulasitikizo musayerekeze. Ine ndinamatitsa kalata ya ubatizo ya amayi anga pashopu ina, ndipo kutentha kwa makinawo kunadetsa inki, pepalalo n'kukakamira mkati moti silingatulukenso popanda kung'ambika. Selotepi nayonso imasiya banga lachikasu lomwe silichoka. Kuno kuchigwa adani a pepala ndi chinyontho, chiswe, njenjete ndi madzi osefukira, ndipo amene tinaona madzi a mu Januwale 2015 tikudziwa kuti bokosi losungidwa kunsi kwa bedi ndi limene limayamba kumira. Pepala lililonse muliike palokha pakati pa mapepala oyera, losapinda, ndipo bokosilo likhale pamalo okwera koma osayandikana ndi malata, chifukwa kutentha kwa mu Okutobala kumaumitsa pepala mpaka kumathetheka. Mujambule mbali zonse ziwiri ndi foni lero lomwe, ndipo sitampa musaimatule pa envulopu, poti mbiri yake ili pachidindo ndi pa adiresi.

Wofufuza mbiri, Chikwawa:
Lisiti la thonjelo ndi limene landikopa ine. Thonje ndilo linkapatsa anthu ambiri a m'chigwa chino ndalama zolipirira msonkho, ndipo dzina la wogula limasonyeza nyengo: British Cotton Growing Association ndi ya nthawi ya atsamunda, Farmers Marketing Board ndi ya m'ma 1960, ndipo ADMARC inalowa m'malo mwake mu 1971. Mukapeza dzina la msika, mukhoza kukafufuza malipoti a chaka ndi chaka a boma la Port Herald ku National Archives ku Zomba, kapena kukawerenga ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House mu Blantyre. Koma musanawononge ndalama ya ulendo, pitani nalo kwa nkhalamba za m'mudzi mwanu, muziwerengere dzina la msikawo mokweza, kenaka mukhale chete n'kumalemba.

Mdzukulu wa kwa Tengani:
Zikomo kwambiri nonse. Ndayang'ananso tikitiyo padzuwa ndipo yalembedwa Nyasaland Railways. Kuseri kwa lisiti kuli mayina anayi olembedwa ndi pensulo, lililonse ndi ndalama yake pambali, ndipo limodzi ndi la agogo aakazi amene akadali moyo ku Marka. Ndipita kukawaona Loweruka, nditatenga chithunzi chokha, lisitilo nditalisiya m'bokosi.