Kodi chimbale cha "live" chojambulidwa mu situdiyo n'chachinyengo?

Wotolera Zimbale:
Akuluakulu, ndikupempha maganizo anu. Pachikuto cha chimbale cha Cannonball Adderley, woimba jazz wa ku America, chotchedwa Mercy, Mercy, Mercy! panalembedwa kuti chinajambulidwa m'kalabu yotchedwa The Club mumzinda wa Chicago, pamene zoona zake n'zakuti chinajambulidwa mu 1966 mu situdiyo ya kampani ya Capitol ku Los Angeles, pamaso pa anthu oitanidwa amene ankapatsidwa zakumwa. Kodi chimbale choterechi tichiike m'gulu la zimbale za funk ndi soul-jazz zojambulidwa pamaso pa anthu, zimene amati "live", kapena tingonena kuti omverafe tinapusitsidwa?

Woimba Besi:
Achimwene, ine ndikuona kuti bodzalo lili pachikuto pokha, silinalowe m'nyimbo. Anthu analipo ndithu, ndipo mukamvetsera bwino, Joe Zawinul, wa m'bandi ya Adderley, akangofewetsa piyano yake yamagetsi, iwo amayankha nthawi yomweyo, wina kukuwa, wina kuwomba m'manja motsatira ng'oma. Chimene chimandidandaulitsa ine ndi chimbale cha James Brown cha mu 1970, Sex Machine, chifukwa nyimbo zake zina zinajambulidwa mu situdiyo popanda owonerera, ndipo phokoso la anthu linachita kuikidwamo pambuyo pake. Kumeneko ndiye kunamiza omvera, pakuti oimbawo sankamva n'komwe anthu amene ife tikuwamva.

Gogo wa Malipenga:
Pepani akulu, mfundo yanu ndaimva, koma malo ndi mtundu wa owonerera zili ndi kanthu. Mlendo woitanidwa, amene wapatsidwa chakumwa chaulere, sangalephere kuwomba m'manja. Tayerekezani ndi anthu a ku Harlem, mumzinda wa New York, amene anagula matikiti ndi ndalama zawo kudzalowa mu Apollo Theater pa 24 Okutobala 1962, anthu odziwika ndi kukuwiza woimba aliyense wowagwiritsa mwala. James Brown analipira yekha ndalama zojambulira usiku umenewo chifukwa Syd Nathan, mwini wa kampani yotulutsa zimbale zake ya King Records, sankakhulupirira kuti chimbale chotero chingayende malonda. Choncho bandi yonse inkadziwa kuti ikaphonya, manyazi ndi chitayiko zigwera mwini wake pamaso pa khamu. Nyimbo imodzi yapang'onopang'ono Brown anaikoka mphindi zoposa 10, akutsitsa mawu mpaka kunong'ona, kudikira kuti amayi a m'holomo akuwe, kenaka n'kuwadzutsanso. Zoterozo munthu sangazichite ndi alendo amene afika ali okondwa kale. Chimbalecho, Live at the Apollo, chitatuluka mu 1963 chinafika pa nambala 2 pamndandanda wa Billboard wa zimbale zoyenda malonda kwambiri ku America.

Mayi Wokonda Jazz:
Bambo wofunsa, ine chimbale cha Adderley ndimachiwerengera, ngakhale agogowa akunena zoona kuti kutentha kwake sikufanana ndi kwa ku Apollo. Muyeso wanga ndi wakuti oimba akhale pamalo oti sangaimitse nyimbo n'kuyambiranso mwakachetechete. Mukafuna kumva zimenezi poyera, pezani Swiss Movement, chimene Les McCann ndi Eddie Harris anajambula pachikondwerero cha jazz ku Montreux, m'dziko la Switzerland, mu Juni 1969, asanakonzekere limodzi mokwanira. Oimba malipenga amamveka akufunafuna polowera nyimbo ili m'kati. Kenaka mumvere Alive! cha Grant Green, chojambulidwa mu 1970 m'kalabu yaing'ono ya Cliché Lounge mumzinda wa Newark ku America, ndipo khutu lanu mulitchere pa ng'oma za Idris Muhammad.