Kodi ndalama za ma Super PAC n'zimene zimapambanitsa zisankho ku America?

Akuluakulu, ndikupempha inu amene mumatsata ndale za ku America kuti mundithandize pa nkhani ya ndalama za kampeni. Mu 2010, pa mlandu wa Citizens United, Khoti Lalikulu la dzikolo linagamula kuti makampani ndi mabungwe a anthu apantchito angathe kugwiritsa ntchito ndalama zopanda malire pofalitsa uthenga wa ndale, bola ngati sakupangana ndi wopikisanayo, ndipo m'chaka chomwecho munayamba magulu otchedwa Super PAC, omwe amasonkhanitsa ndi kugwiritsa ntchito ndalama zopanda malire pothandiza kapena kutsutsa wopikisana.

Chimene chikundizunguza mutu n'chakuti, kodi bungwe la FEC, lomwe limayang'anira malamulo a ndalama za kampeni ku America komanso lili ndi mipando 6 ya makomishonala ndipo chipani chimodzi sichiloledwa kupitirira mipando 3, limatsimikiza bwanji kuti palibe kupangana kwamseri, pamene magulu ena amatsogoleredwa ndi anthu omwe kale anali athandizi a wopikisanayo? Kwa ine lamuloli likuoneka lofooka ndithu.

Ndikufunsanso ngati ndalamazi zimapambanitsadi munthu, popeza mu 2016 Hillary Clinton anasonkhanitsa zambiri kuposa Donald Trump koma anagonja. Kapena mphamvu yake imaoneka kwambiri pa zisankho zachipulula za ma Democrat ndi ma Republican?